Phiri Limene Linagwaditsa ba Chanda

Sabata yatha tinakaika mwala pamanda a amalume anga, a Yobe Sakala, popeza chaka chakwana chiwaikireni. Anthu anabwera ochepa, monga zimakhalira munthu akamwalira wopanda ana. Koma ba Chanda analipo. Anawaikira mpando patsogolo chifukwa cha maondo awo, ndipo anaimba mokweza kuposa abale tonse, nyimbo yake osaidziwa bwino. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, maso ali pakhosi lawo lonenepalo. Mulungu andikhululukire, zimene ndinkaganiza sizinali za pamanda.

Ndikulemba izi ba Chanda akali moyo, kuti wina akawawerengere.

Amalume anagwira ukalipentala kumashopu a njanji ku Kabwe mpaka tsitsi linayera. Atapuma ntchito anabwera kuno ku Chinyunyu kutsata mlongo wawo, amayi anga, amene anachoka ku Katete kalekale. Anafika ndi akazi awo anaBanda, bokosi la zipangizo, ndi katoni imodzi imene anakana kuti anyamata a basi aikweze pamwamba. Anaifukata pamiyendo ulendo wonse. M'katonimo munali kasitima koseweretsa, mutu wake wotalika ngati chitsononkho cha chimanga, tingolo titatu, ndi tinjanji tolumikiza. Anakagula kwa kapitawo wina amene ankabwerera kwawo kunja.

Kuno kwathu kulibe njanji. Tili ndi msewu waukulu wokha wopita kummawa, ndi malole ake amene amagwedeza mbale m'nyumba. Amalume ankadana nawo malolewo. Ankati lole ndi chinthu chopanda mwambo, chimapita kumene woyendetsa waledzerera, pamene sitima imadziwa njira yake ndipo siipempha kwa munthu. Ndiye anati ngati palibe wobweretsa njanji ku Rufunsa, abweretsa okha.

Anamanga kashedi kuseri kwa nyumba, ka njerwa zosawotcha ndi malata akale. Ife tinkayembekeza kuona sitima ikuyenda sabata yomweyo, koma miyezi inapita kasitima kali m'katoni. Ukasuzumira unkangoona mdala ali chagada pansi pa matabwa, pensulo kukhutu. Ankakhoma thebulo. Ankati thebulo la sitima silimangidwa ngati la chakudya. La chakudya likapendama umangopinda kapepala n'kuika pansi pa mwendo, koma ili likapendama pang'ono, sitima idzagwa pakona yomweyo tsiku lililonse mpaka mwini wake afe. Miyendo anaipanga ya mukwa n'kuimanga ndi mitanda yopingasa, kuti lole ikadutsa thebulo lisanjenjemere. Mwendo uliwonse anauimika m'chitini cha oilo wakuda wa injini, ati chiswe chikafuna kukwera chiyambe chaphunzira kusambira. Pamwamba sanayale thabwa limodzi lathyathyathya. Anakhoma mafelemu okhala ndi mipata, kuti pena mtunda ukwere, pena mtsinje utsike pansi pa njanji. Poyesa ngati palingana ankagoneka botolo la madzi osadzaza n'kumayang'ana kathovu kake, diso limodzi atatsinzina.

Sanali munthu wofewa, ndipo sindiwanamizira. Mwamuna wanga anaikapo kapu ya tiyi pathebulopo tsiku lina, ndipo sanalowenso m'shedimo mpaka Khirisimasi. Ana ankaloledwa kuonera manja ali kumbuyo. Anakangana ndi mkulu wa mpingo chifukwa cha benchi ya m'tchalitchi imene inakhomedwa mokhota, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera ndi kampando kawokawo Lamulungu lililonse. Msomali wopindika sankataya. Ankauwongola ndi hamala n'kuuponya m'chitini, ndipo ankati zolakwa za anthu amazisunga chimodzimodzi: saziiwala, sazifuulira, amangodikira tsiku limene zidzakhale ndi ntchito. Tinkaseka akamatero, chifukwa tinali tisanaone chitinicho chikutsegulidwa.

Ambiri kuno akamakumbukira shediyo amakumbukira ba Chanda atagwada pansi, chimimba chili pamaondo, tsaya litagunda m'mphepete mwa thebulo, amalume atakhala pambali dzanja lili pa siwichi. Amayi a kumpingo amati amalume anapyola malire. Ine ndimati sanafike n'komwe pamalirepo. Amene amawaweruza anaiwala kumene nkhaniyi inayambira, kapena tsikulo anali m'gulu la oseka.

Matabwa ndi mawaya zinali za amalume, koma dziko la pathebulopo linali la anaBanda. Ine ndinkawaitana kuti amayi, ndipo analidi amayi kwa ine. Iwo ndiwo ankaumba mapiri. Ankapinda waya wa khola la nkhuku kuti ukhale mafupa a phiri, kenaka n'kumatapo mapepala a matumba a simenti. Mapepalawo ankakawaviika m'ngalande yochokera kumadzi otentha aja amene alendo amaimira kuti ajambule, ati madzi ofunda amafewetsa pepala osalisungunula. Chomatira chinali phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, ndipo ankathiramo tsabola wosinja wambiri kuti makoswe akalawa kamodzi asabwerenso. Likauma ankapakapo dothi la pachulu. Udzu unali utuchi wonyika mu penti wobiriwira. Mitengo inali timizu touma totembenuza, masamba ake siponji ya matiresi akale yonyenyanyenya. Anaikaponso timadzi totentha tathu, nthunzi yake ya thonje.

Ntchito yawo yomaliza inali phiri lalikulu la pakona, lokhala ndi mphanga imene sitima inkalowa mbali ina n'kutulukira ina. Analiyamba atadwala kale. Ankagwira pang'ono n'kukhala pansi, kupuma, n'kudzukanso. Amalume anawagulira bulashi kuti asavutike, koma iwo anaikana. Dothi lonse analisalaza ndi zala, ndipo phiri lonselo linali ndi timizere ta zala zawo, tinayi tinayi, totsika kuchokera pansonga. Analimaliza mvula itangoleka. Chimanga chisanalowe m'nkhokwe, anaBanda anatisiya.

Apa ndi pamene akulowa ba Chanda. Ndi Mbemba wa kumpoto, ankayendetsa malole kale, ndipo maondo atayamba kuvuta anatsegula golosale m'mbali mwa msewu. Ife a kummawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timatukwanana mosakwiyirana. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani ndipo manja awo ndi aatali. Pamaliro athu iwo ndiwo amaphika, kukumba manda ndi kutiseketsa, ndipo amatithira ufa kapena paudala kumutu mpaka tiyere. Akhoza kukulanda chipewa kapena nsapato kuti uombole ndi kanthu kochepa. Pamaliro awo ifenso timatero. Ndi mwambo wabwino, ndauona ukuseketsa wamasiye amene sanadye masiku. Lamulo lake ndi limodzi: mbuya sakwiyiridwa. Amalume ndi ba Chanda ankanenana motero tsiku ndi tsiku, wina wa sitima, wina wa lole, ndipo tinkati ndi mabwenzi.

Tsiku loika anaBanda, titabwerako kumanda, amalume sanafune kukhala pagulu. Anazemba n'kukalowa m'shedi. Ba Chanda anawaona. Paudala anali atatha, ndiye anatenga ndowa ya madzi otsukira mbale, anakhuthuliramo ufa, anavundula ndi mkono, n'kuwatsata akuimba. Anthu anawatsatira akuseka. Ine ndinali pakhomo ndipo ndinaona zonse. Amalume anali ataima kutsogolo kwa phiri lija, ndipo ataona ndowa anatambasula manja, osati kudziteteza okha koma kutchinga phirilo. Ananena kuti, "Mbuya, kuno ayi. Tiyeni panja." Ba Chanda anamva. Anaima pang'ono, anayang'ana anthu amene anali kumbuyo kwawo, n'kukhuthula ndowa yonse pamwamba pa mutu wa amalume.

Pepala ndi dothi sizilimbana ndi madzi. Phirilo linafewa tikuona, nsonga inalowa m'kati, ndipo timizere ta zala tinasungunuka n'kumadontha pansi ngati phala. Ba Chanda anaseka mpaka kugwira chitseko. Amalume anatsitsa manja. Anatuluka ali mbuu, anakhoma loko, ndipo masiku onse a maliro sanalowemo. Ufa wa ba Chanda unalibe tsabola, choncho makoswe anachita phwando. Pamene tinatsegula tinapeza waya wokhawokha, kupatula chidutswa chimodzi cha kumbuyo, chachikulu ngati lichero, chimene madzi sanachifike. Pamenepo zala za amayi zinkaonekabe.

Maliro atatha amalume anavala jekete n'kupita kugolosale. Ine ndinali pomwepo, ndikugulitsa tomato pafupi ndi khonde.

"Mbuya, munaona chimene munachita?" anafunsa amalume.

"Awe mbuya, chinali chimbuya chabe," anatero ba Chanda, akupimira munthu shuga. "Muzalila pepala monga ni muntu? Bakazi banu taika, manje mufuna tiike na phiri?"

"Sindifuna kanthu kanu. Ndifuna mawu amodzi chabe. Munene kuti pepani."

"Mbuya sapepesa, mudala. Funsani aliyense. Endani mukagwile mbeba zamene zinadya, mupange ndiyo."

Anthu a pakhondepo anaseka. Amalume anafunsadi akuluakulu, a kwathu ndi a kwawo omwe, ndipo onse anayankha chimodzimodzi, kuti za chimbuya zilibe mlandu. Akazi a ba Chanda, bana Mutale, mayi wofatsa amene sindimunenera choipa, anabwera okha madzulo ena ndi mbale ya nyemba n'kupepesa m'malo mwa amuna awo. Amalume analandira nyembazo mwaulemu, koma anati pakamwa pamene panaseka ndi pomwe payenera kupepesa.

Kuyambira pamenepo sanaitchulenso nkhaniyo. Chidutswa chija anachivundikira ndi beseni. Phiri sanalimangenso, ndipo sitima inkadutsa pansi pa waya wamaliseche zaka zingapo. Ankapitabe kugolosale kukagula sopo, ankanenabe za anyani, ndipo asanachoke ankafunsa mwachidwi za thanzi la aliyense wa pabanjapo. Ba Chanda ankati mdala waiwala. Ine ndinkadziwa kuti sanaiwale, chifukwa tsiku lina ndikuwasesera m'shedi anandiuza kuti, "Amake Dali, mlandu suola. Maliro sagwa nyumba imodzi." Ndinachita mantha, koma sindinawatsutse.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bana Mutale anagwa kumunda ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo pofika nawo kuchipatala ku Rufunsa anali atapita kale. Ndinawalira ndi mtima wonse. Amalume anafika pamaliropo m'mamawa, woyamba mwa ambuya onse. Anakhoma bokosi okha, losalala bwino, osalandira kanthu. Anayang'anira okumba manda kuti makona awongoke. Palibe amene akanati sanagwire ntchito ya mbuya.

Ba Chanda anali atasweka. Zovala za akazi awo abale anali atazimanga kale m'mitolo kuti akagawane, koma iwo anabisa chitenje chimodzi, chabuluu cha maluwa achikasu, chimene bana Mutale ankavala akamakhala pagolosale. Anachikoloweka m'khosi masiku onse a maliro. Ankapukutira misozi, ndipo akaganiza kuti palibe akuwaona ankachinunkhiza.

Titabwerako kumanda, anthu atakhala pabwalo, amalume anadzuka. Anapita kwa ba Chanda pang'onopang'ono, anawathira paudala pang'ono pamutu monga mwa mwambo, kenaka anasolola chitenje chija m'khosi mwawo. Anachimanga m'chiuno pamwamba pa buluku n'kuyamba kuvina ngati mayi wa kumsika, munthu amene sindinamuonepo akuvina ngakhale paukwati. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ba Chanda anayesa kuseka nawo, dzanja litatambasuka kuti abwezeredwe. Amalume anavina mpaka pachipata, anapitirira mpaka pamsewu, ndipo sanabwerere.

Mawa lake ba Chanda anatumiza mdzukulu ndi tambala woombolera. Amalume anandiuza kuti ndiphe tambalayo, ndipo tinamudya. Chitenje sichinapite.

Sabata imeneyo anachotsa beseni lija. Anawongola waya, anaphika phala la chinangwa la tsabola monga ankachitira anaBanda, anatenga sizasi n'kudula chitenjecho tizidutswa tofanana ndi chikhatho. Anazimata pawaya, maluwa atayang'ana m'kati, kenaka mapepala a simenti pamwamba, kenaka dothi. Phiri latsopano analilumikiza ndi chidutswa cha amayi, kuti zala zija zikhale msana wake. Kunja analipaka penti, anawaza utuchi, anabzala timitengo. Munthu wongoyang'ana sakanadziwa kanthu. Koma m'kati mwa mphanga, denga ndi makoma onse anali maluwa achikasu.

Kenaka anachita chinthu chimene mpaka lero chimandiuza kuti amalume anali ndani. Anaitana mwamuna wanga ndi anzake kuti anyamule thebulo, ndipo anadula mwendo uliwonse kuufupikitsa ndithu. Thebulo limene analiyesa miyezi ndi botolo la madzi anayambanso kuliyesa, mwendo ndi mwendo, kupala pang'ono apa, kuika kachitsulo apo, mpaka kathovu kanabwerera pakati. Nditafunsa chifukwa chake anati linali lalitali kwambiri, munthu akanatha kuona m'mphanga atangowerama.

Ba Chanda anabwera okha patapita masiku, ataonda, osaimba.

"Mbuya, nabwela kutenga chitenje cha bakazi banga."

"Chilipo, sichinapite kutali," anatero amalume. "Chili m'phirimo."

Ba Chanda anayang'ana phirilo nthawi yaitali. "Mwachijuba? Mwachidula?"

"Ndi chimbuya chabe, mbuya. Mudzalira nsalu ngati ndi munthu?"

Ndinaganiza kuti amenyana, koma ba Chanda ankadziwa lamulo limene iwo omwe anabisalamo. Anawerama kuti asuzumire m'mphanga, sanaone kanthu. Anagwira m'mphepete mwa thebulo, amalume anawachotsa dzanja. Ndiye anatsika, bondo limodzi, kenaka linzake, akubuula. M'mphangamo munali mdima. Amalume analumikiza waya kubatire n'kutsegula siwichi. Kasitima kali ndi kanyali kutsogolo, ndipo pamene kanalowa m'phirimo maluwa onse anayaka, kenaka mdima unabwerera. Ba Chanda analira ali chogwada, phewa likugwedezeka. Ndinena zoona, mtima wanga unazizira bwino tsiku limenelo, ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

"Ipitenso," anatero ba Chanda. "Koma muchepeseko sipidi."

"Sitima iyi imamva mawu amodzi," anayankha amalume. "Ikawamva idzaima m'kati momwemo mpaka mukhute. Ndidzakumatulirani ndi chidutswa chomwe mupite nacho."

Ba Chanda anapukuta nkhope ndi malaya. "Mbuya sapepesa."

Amalume anawonjezera liwiro.

Zinakhala choncho zaka zonse zotsala. Loweruka masana ba Chanda ankatseka golosale n'kubwera. Ankayamba ndi kunena za mbewa pakhomo, amalume n'kubweza za anyani, kenaka ankagwada. Ankabwera ndi kasaka kopinda koika pansi pa maondo. Tsiku lina anabwera ndi tochi yawo, ndipo amalume anati m'shedi mwawo nyali ndi imodzi, tochi itsale panja. Ankayendetsa sitima maulendo angapo, mothamanga, n'kuchotsa waya, ati batire latha. Abusa anabwera kudzawalankhula za kukhululuka. Amalume anawapatsa mpando, anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iwo ndi okonzeka kukhululuka tsiku lililonse, kungoti palibe amene wabwera kudzapempha. Anthu ankati mdala ndi wouma mtima. Koma mawu amene ankafunawo mwana wa zaka zitatu amawadziwa, ndipo munthu amene ankatha kutsitsa thupi lonselo pansi Loweruka lililonse sakanalephera kutsitsa lilime.

Chaka chatha nthawi yozizira chifuwa chinawagwira amalume, ndipo tinawagoneka kuchipatala ku Rufunsa. Ankadziwa kuti sabwerera. Anandiuza kumene kuli kiyi wa shedi, anandiuza kuti ndiziwonjezera oilo m'zitini, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa kuti, "Wabwera?" Sankafunsa za abusa kapena za abale a ku Katete. Ndinapita ndekha kugolosale kukawauza ba Chanda kuti nthawi yatha, ndipo ndinawapempha, ine amene sindipempha, kuti akanene mawuwo ngakhale monama.

Anabwera ndi minibasi ya masana, atanyamula botolo la maheu. Anaima kumiyendo kwa bedi. Amalume anatsegula maso n'kuwayang'ana, ndipo ndinaona kuti akudikira. Ba Chanda anatsegula pakamwa, anatseka, anayang'ana odwala ena amene anali kumvetsera.

"Mbuya, osafa manje," anatero. "Mukafa imwe, mbeba zizachuluka maningi mu Chinyunyu."

Wodwala wa bedi loyandikana anaseka. Amalume anatembenukira kukhoma ndipo sanalankhulenso ndi munthu. Anamwalira mawa lake dzuwa likutuluka.

Pamaliro ba Chanda anali paliponse, kulamula ophika, kuthira anthu paudala, kunena kuti mdala wapita kukayendetsa sitima kumwamba popanda laisensi. Nthawi yopita kumanda anati maondo sawalola, atsala kuti ayang'anire pakhomo. Kiyi anali m'thumba langa, ndiye sindinade nkhawa. Sindinaganize kuti munthu angazule chitseko ndi mahinjesi omwe.

Pobwerera tinakumana nawo panjira, ali mbuu ndi paudala, akukankha wilibala. M'wilibalamo munali phiri lonse, lodulidwa ndi sowo ya amalume, mawaya akulendewera.

"Bana Dali, natenga vanga," anatero. "Ni chimbuya."

"Chitenje tengani, ba Chanda," ndinatero. "Koma kumbuyoko kuli dothi la amayi anga. Limenelo ndisiyireni."

"Phiri ni imozi, mayo. Sitingaigabe."

Anandidutsa. Akuluakulu amene anali nane anandigwira mkono n'kundikumbutsa lamulo lija. Wina anati nditumize nkhuku yoombolera. Sindinatumize, ndikudziwa kumene nkhuku zotere zimathera.

Kwawo ba Chanda alibe sitima, alibe kanyali, ndipo kugwada anatopa nako. Anang'amba phirilo ndi mpeni kuti maluwa aonekere poyera, n'kukhomera chigamba chake pakhoma la kuchipinda. Zotsala anataya kuseri kwa golosale, pamene amataya makatoni. Ndinazimva mochedwa kwa mdzukulu wawo, mvula yoyamba itagwa kale. Ndinapita kukafukula ndi manja pamulu wa zinyalalapo, ndipo ndinapeza waya wadzimbiri ndi matope ofiira, nkhuku zitapalasapalasa.

Sindinawakhululukire ndipo sindikuyesa n'komwe. Inenso ndine wa kummawa, ndine mbuya wawo, ndipo pamaliro a Mbemba ndili ndi ufulu wonse umene iwo anali nawo pa athu. Masiku ano amatsokomola kwambiri, ndipo pokwera khonde la golosale amapuma kawiri. Chigamba chija anauza ana awo kuti adzawaike nacho m'bokosi. Ana awo amandikonda, amati ndidzathandize kuphika tsiku limenelo, ndipo ndinavomera.

Shedi ilipobe. Chitseko tinachibwezera, koma chimakhula pansi chifukwa mwamuna wanga si kalipentala. Thebulo silinapendame ngakhale pang'ono. Timitengo ta siponji tachita fumbi, thonje la madzi otentha lada, ndipo kampando ka amalume kali pomwe ankakhala, pafupi ndi batire limene linafa kalekale. Pakona pali chibowo chachikulu chodulidwa mokhotakhota, ndi mano a sowo akuoneka pamafelemu a mukwa. Ukaima pamenepo umaona pansi, dothi ndi chitini cha oilo. Njanji imabwera bwinobwino kuchokera kumlatho, imakhota, n'kuthera m'malere, nsonga zake ziwiri zitapindikira pansi. Kasitima ndinakapeza kataima chapafupi ndi pamenepo, ndipo sindinakasunthe. Mwana wanga Dalitso anati akhoza kuikapo thabwa kuti sitima izidutsanso. Ndinamuuza kuti asiye, pamenepo padzatsekedwa ndi nsalu.